Chipsera pa rimu la alamu anga

Ntchito ya matayala ndinaigwira zaka zambiri, ndipo msana wanga umaikumbukira kuposa mutu. Malo athu anali m'mbali mwa msewu waukulu mu Chipata: shedi ya malata, kompuresa yaphokoso, ndi mulu wa matayala akutha omwe ankaweta udzudzu nthawi ya dzinja. Tinalipo awiri basi, ine ndi abwana eni malowo, bambo achikulire amene mawondo anali atayamba kale kuwavuta. Iwo ankalandira anthu n'kumacheza nawo, ntchito ya mphamvu yonse inali yanga.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990 abwana anagula makina obalansira mawilo, akale ndithu, ochokera ku Lusaka. Unkamanga wilo pa makinawo n'kuyatsa, wilo linkazungulira, ndipo likaima makina ankaonetsa mbali yopepuka. Pamenepo unkakhomera kachidutswa ka mtovu kokhala ndi ngowe, ngoweyo n'kuluma m'mphepete mwa rimu, chitsulo chija chimene tayala limavala. Wilo likalemera mofanana mbali zonse, chiwongolero chimasiya kunjenjemera galimoto ikamathamanga. Abwana ankawanyadira kwambiri makinawo. Ine ndinangoona kuti ntchito yawonjezekera, koma manja ndi omwe aja.

Chaka chomwecho alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anabwerera kuchokera kumigodi. Anagwirako zaka zoposa makumi awiri, ndipo ntchito itatha anafika ndi akazi awo, mabokosi ochepa, chifuwa chosamva mankhwala, ndi galimoto. Galimotoyo inali yofiira, yokalamba, chitseko chimodzi chotsegukira kunja kokha. Koma marimu ake anali ena. Anawagula padera kwa munthu wobweretsa katundu kuchokera ku Joni, a aluminiyamu, owala ngati poto watsopano, lililonse ndi nthambi zisanu ngati zala. Mu Chipata monse sindinaonepo otero. Anapeza nyumba ku Kapata, ndipo m'mawa uliwonse ankagwada pabwalo ndi beseni, sopo ndi mswachi wakale, kutsuka marimuwo nthambi ndi nthambi, uku akutsokomola.

Tsiku lina ndinaseka za zimenezi kunyumba kwathu ku Nabvutika. Mkazi wanga sanaseke.

"Asiyeni, abambo. Mapapo awo anatsala kumigodi kuja. Chowala chimene abwera nacho ndi chomwecho."

Akazi awo a alamu anali mayi wamtali wa ku Chiparamba, wosalankhula zambiri. Mwa chibale chathu anali alongo anga, ndipo tinkaitanana choncho. Ankagulitsa salaula, zovala zakunja zovalidwa kale, pamsika wa Kapata, ndipo kunena zoona ndiwo ankadyetsa nyumba ija. Anaphunzira kuyendetsa galimoto ali kumigodi. Loweruka lililonse ankaitenga kukanyamula mabelo a zovala, anthu n'kumaima kuti aone mkazi ali pa chiwongolero.

Linali Lachisanu, nyengo yogula thonje, mphepo ikuulutsa fumbi ndi tizidutswa ta thonje mumsewu. Kuyambira m'mamawa ndinali ndikulimbana ndi malole. Tayala la lole sitinkalichotsa ndi makina, tinkalimenya ndi nyundo yaikulu mpaka limasuke pa rimu, kenako kulitukula ndi zitsulo. Pofika chakumadzulo ndinali nditamaliza asanu ndi limodzi, osadya kanthu koma mbatata imodzi yozizira.

Ndipamene galimoto yofiira inaima.

"Alamu, motoka yanga ikuvina ndikafika pa liwiro. Ndamva kuti muli ndi makina atsopano."

Ndinagwada n'kuyang'ana marimuwo. M'mphepete mwake munali monenepa, mosiyana ndi a chitsulo omwe tinazolowera. Ndinali nditamvapo kuti marimu otere amafuna mitovu yomata ndi ulimbo chamkati, osati yokhomera. Ife yomatayo tinalibe.

"Alamu, awa ndi ovuta pang'ono," ndinatero, koma motsitsa mawu.

Abwana anali atafika kale kumbuyo kwanga. "Palibe chovuta, bambo. Makina awa amadya chilichonse. Mlamu wanuyu ndi katswiri."

Alamu anaseka n'kundigwira paphewa. "Ndabwera kwa m'bale. Ndikanapita kwina ndikanakhala pompo kuwalondera. Ndikupita kukameta, ndikupezani."

Ndikanatha kukana. Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake sindinakane, ndipo yankho lake si lalikulu. Ndinachita manyazi kunena pamaso pa alamu ndi abwana kuti pali chimene sindikuchitha, komanso ndinali nditatopa moti kukangana kunaoneka kolemera kuposa kungogwira ntchitoyo.

Mawilo atatu anayenda bwino. Ndinkatambasula ngowe pang'ono ndi sikuludilaiva, n'kuikhomera mosamala mbali ya mkati yosaoneka. Pa wilo lachinayi makina anafuna mtovu mbali ya kunja. Ndinaika ngowe, ndinamenya kamodzi, inakana. Ndinamenya kachiwiri mwamphamvu. Ngowe inaterereka n'kukala nkhope ya rimu, mzere wakuya wotalika ngati chala, ndipo nyundo yomwe inali itatsika kale inagwera m'mphepete n'kubenthulapo kachidutswa.

Ndinakhala pansi pa simenti. Abwana anali kutsogolo, akucheza ndi dalaivala wa lole. Palibe anaona.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndinazichita mwachangu, ngati munthu wozolowera kuba, chikhalirecho sindinabepo. Ndinakhomera mtovu chamkati. Wilolo linali lakutsogolo kumanja, pomwe dalaivala amaliona akamalowa, koma ine ndinalimanga kumbuyo kumanzere. Ndinatapa oilo wakuda ndi chala, ndinapaka pa chipseracho, n'kuwazapo fumbi. Ndinadziuza kuti ndidzawauza mawa, ndikapuma.

Alamu anabwera mutu uli mbee, akununkha sipiriti. Anazungulira galimoto mbali ya dalaivala yokha, anayendetsa mpaka kuphiri n'kubwerera akumwetulira.

"Yaleka kuvina! Ndimanena ine, m'bale ndi m'bale."

Mawa lake linali Loweruka, ndipo malole anandipeza ndisanatsegule n'komwe. Lamulungu tinapita ku Misa, ndipo nditabwerako ndinagona tsiku lonse. Lolemba madzulo ndinapeza mkazi wanga atakhala pakhonde, chitenje chili m'manja, nkhope itagwa.

"Kwa achimwene kwavuta," anatero. "Akazi awo apita kwawo ku Chiparamba."

Anandifotokozera zimene anamva kwa oyandikana nawo nyumba. Loweruka m'mawa alamu sanatsuke galimoto chifukwa akazi awo anaitenga molawirira kukanyamula mabelo. Lamulungu atagwada ndi beseni lawo ndipamene anapeza chipseracho. Chinali mbali ya kumanzere, mbali imene imayandikira ngalande ya simenti ukamaima pamsika. Sanafunse. Anayamba kukuwa pabwalo, anthu akumva, kuti mkazi waononga chinthu chokhacho chimene iwo ali nacho, kuti amayendetsa modzionetsera, kuti akunama. Akazi awo anakana kawiri, kachitatu anangokhala chete. Kenako alamu ananena mawu oti kuyambira pomwe anayamba kugulitsa salaula amadziona ngati mwamuna m'nyumba. Lolemba m'mawa mayiyo anatseka benchi yake kumsika, anamanga kachikwama, n'kukwera lole ya thonje yobwerera kumudzi.

"Rimu chabe," anatero mkazi wanga. "Banja la zaka zonsezi, rimu chabe."

Ndinali ndikuvula nsapato. Ndinapitiriza kuvula. Ndinati, "Zoona, n'zomvetsa chisoni."

Ndinakhala nazo sabata ziwiri. Sindinganene kuti ndinkalephera kudya kapena kugona, chifukwa thupi lotopa limagona ngakhale mwini wake ali wolakwa. Koma kuntchito ndikagwira nyundo yokhomera mitovu ija ndinkakumbukira chipseracho. Tsiku lililonse ndinkati lero ndikaweruka ndidzera ku Kapata, ndipo tsiku lililonse pofika pamphambano miyendo inkangotembenukira ku Nabvutika. Ndinkadziuza kuti mayiyo abwerera yekha mkwiyo ukatha, kuti mwina mkanganowo unali ndi mizu ina, kuti kulankhula tsopano kungowonjezera moto. Zina mwa zimenezi zinali zoona, koma sizinali chifukwa chimene ndinakhalira chete.

Mkazi wanga ndiye ankayenda. Ankapita ku Kapata kukaphikira achimwene ake, kuwachapira, kuwanyengerera kuti apite kukapepesa. Ankabwerako atatopa kuposa ine. Lamulungu lachiwiri tikuchokera ku tchalitchi anandiuza kuti ankhoswe a mbali zonse agwirizana zokumana kumapeto kwa mwezi, ndipo abale a mayiyo akulankhula zoti banja lithe.

Tinali pakati pa msewu, anthu akudutsa ndi mabuku awo a nyimbo. Ndinaima.

"Amayi, rimu lija ndinaliononga ndine."

Ndinayembekezera kuti akuwa, koma anangofunsa kuti, "Liti?"

"Lachisanu lija. Nyundo inaterereka. Ndinapakapo oilo."

"Munapakapo oilo." Anabwereza ngati akuwerenga kalata. "Ndiye masiku onsewa ine ndikupita ku Kapata, ndikubwera, ndikukufotokozerani, inu mukuti n'zomvetsa chisoni?"

Kenako analoza njira ya ku Kapata.

"Kunyumba simufikako. Tembenukani pompano, mupite kwa achimwene. Chakudya mudzachipeza mukabwera ndi nkhani."

Alamu ndinawapeza atakhala pa mpando wachitsulo pakhomo, atavala jekete ngakhale kunali dzuwa. Galimoto inali pambali, fumbi lili mbuu mpaka m'marimu. Anandipatsa mpando wina. Tinapatsana moni, tinafunsana za ana, ndipo nditasowa china chofunsa ndinanena zonse, kuyambira pa ngowe mpaka pa kusintha wilo.

Anatsokomola kwa kanthawi, n'kulavulira m'kansalu.

"Ndikudziwa, alamu."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Ndagwira zitsulo moyo wanga wonse. Simenti ikakhula chitsulo imasiya mizere yambiri yopyapyala. Apo pali mzere umodzi ndi pomenya nyundo. Ndinaona Lachiwiri, nditakhala pansi mtima utatsika. Ndinaonanso kuti tayala lomwe linali kutsogolo lili kumbuyo."

"Nanga bwanji simunabwere kudzandifunsa?"

"Ndikanabwera ndikanati chiyani? Ndinu mwamuna wa mlongo wanga. Ndinkadikira kuti mubwere nokha."

"Nanga alongo anga? Bwanji simunapite kukawatenga?"

Anayang'ana kumsewu. "Ndinakuwa pamaso pa anthu onsewa. Ndipite ndikanene kuti ndinalakwa, pamaso pa apongozi? Munthu wopanda ntchito, wodyetsedwa ndi mkazi, ndiye akagwadenso?" Anapukusa mutu. "Ndatopa, alamu. Sindikudziwa poyambira."

Tinakhala choncho, amuna awiri akuluakulu, tikuyang'ana galimoto. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Ndinawapempha kuti tipitire limodzi ku Chiparamba. Anati chifuwa chawavuta sabata imeneyo, mwina ina. Ndinadziwa kuti sapita.

Lachiwiri ndinapempha tsiku kwa abwana, ndinawauza kuti kuli zovuta za pachibale, ndipo ndinapalasa njinga. Msewu unali wa mabampu, malole a thonje akundithira fumbi, ndipo pena ndinkatsika n'kumakankha chifukwa msana unkakana. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Alongo anga ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya mayi awo, atakhala pamphasa, akusenda mtedza m'lichero. Anali ataonda. Anandilandira mwaulemu wonse, anandipatsa madzi, anafunsa za mkazi wanga ndi ana mmodzimmodzi. Mayi awo, gogo wosamva bwino, anatipatsa moni n'kulowa m'nyumba.

Ndinafotokozanso kachitatu. Pofika apa mawu anali atazolowera njira, ankangotuluka okha, ndipo ndinachita manyazi ndi kuphweka kwake.

Manja awo sanasiye kusenda. Nditamaliza anati, "Alongo, mwapalasa mtunda wonsewu kudzandiuza kuti sindinagunde ngalande? Zimenezo ndimazidziwa. Ndinalipo."

"Ndabwera kudzapepesa."

"Ndamva. Iwo akudziwa?"

Ndinaganiza zonama, koma mabodza anali atandikwana. "Akudziwa. Akuti anazindikira okha patangopita tsiku limodzi mutachoka."

Apa ndipamene manja anaima. Anaika lichero pansi.

"Ndiye amuna awiri mumadziwa. Wina ku Nabvutika, wina ku Kapata, aliyense akudikira mnzake. Ine ndili kuno, anthu a m'mudzi akundifunsa chimene ndalakwa, amayi anga akulira, benchi yanga kumsika ili yotseka." Sanakweze mawu. "Inu munaopa alamu anu. Iwo anaopa inu. Ine palibe anandiopa."

Ndinayang'ana makoko a mtedza omwe anali pansi. Nkhuku inabwera kudzatola, palibe anaipirikitsa.

"Mukudziwa, alongo," anapitiriza, "kumigodi kuja ndinkadzuka kusanache kuwaphikira, zaka zonse zija. Atadwala ndinkawanyamula kupita nawo kuchipatala. Kuyendetsa galimoto ndinaphunzira chifukwa cha zimenezo, osati kudzionetsera. Sindinaonepo atagwada chifukwa cha ine monga amagwadira mawilo aja. Sindikuwada. Ndangotopa."

Ndinafunsa ngati ndingakanene kanthu ku Kapata.

"Kawauzeni kuti njira ya ku Chiparamba amaidziwa. Anaiyenda pobwera kudzandifunsira."

Sanandilole kubwerera ndi njala. Anaphika, ndinadya ndekha pakhonde monga mlendo, ndipo ponyamuka anamangirira kathumba ka mtedza pa keliyala ya njinga kuti ndikapatse mkazi wanga. Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita.

Uthengawo ndinaufikitsa monga momwe unalili. Alamu anangogwedeza mutu. Pa bwalo la ankhoswe ndinaimirira n'kunena mbali yanga pamaso pa anthu a mbali zonse, ndipo amalume awo a mayiyo anandifunsa ngati ana anga ndimawaphunzitsanso kupaka oilo pa zolakwa zawo. Anthu ena anaseka. Alamu anapepesa tsiku limenelo, mawu ake ochepa, maso ali pansi, koma akazi awo anati amva, ndipo adzabwera akadzakonzeka. Anatsala kumudzi, anathandiza mayi awo kusosa ndi kugalauza, anadzala chimanga ndi mvula yoyamba. Alamu anapitako kawiri pa miyezi imeneyo. Ulendo wachiwiri anakhalako masiku atatu, ndipo mkazi wanga anamva kuti anagwira khasu mpaka chifuwa chinawagwetsa pansi.

Ine ndinayesa kukonza rimu lija. Ndinafunsa madalaivala opita ku Lilongwe ndi ku Lusaka ngati angapeze lofanana nalo, koma palibe analiona. Loweruka lina ndinalichotsa, ndinalikhula ndi sandipepa wosalala, ndinalipukuta mpaka zala zinatupa. Mzere unachepa koma sunathe, ndipo pobenthuka paja panakhala pobenthuka. Alamu analiyang'ana n'kunena kuti zili bwino, tisiye. Abwana nditawauza zonse anangoti aitanitsa mitovu yomata, koma sanaitanitse, ndipo kuyambira pamenepo galimoto ya marimu owala ikaima pamalo pathu ndinkauza mwini wake poyera kuti apite kwina. Abwana ankang'ung'udza, ine ndinkangopitiriza ntchito yanga.

Kunyumba mkazi wanga anatenga nthawi. Sankandikalipira, koma kwa miyezi ingapo ndikamuuza kanthu kalikonse, ngakhale koti ndachedwa chifukwa cha lole, ankandiyang'ana kaye asanavomere. Kuyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa mawu a amalume aja.

Alongo anga anabwerera ku Kapata chimanga chitafika m'chiuno. Anatsegulanso benchi yawo, anasamalira amuna awo monga kale, ndipo pamene chifuwa chinakula n'kuwagoneka, sanachoke pambali pawo. Koma makiyi a galimoto sanawagwirenso. Alamu anawapempha kangapo, ngakhale pamaso pathu, iwo n'kumangoti miyendo ilipo. Popita kuchipatala ankapempha mwamuna wa nyumba yoyandikana nayo kuti ayendetse, iwo n'kukhala kumbuyo. Mabelo a salaula anayamba kunyamulira pa wilibala, kuchokera kudepoti mpaka kumsika, okha, mayi wa msinkhu umenewo.

Tsiku lina masana ndinawaona akubwera ndi wilibalayo, belo lili pamwamba, tayala litaphwa. Anaima panja pa shedi, thukuta likutsika m'khosi.

"Alongo, tandiikirani mpweya."

Ndinatsitsa belo, ndinachotsa wilo, ndinapeza minga, ndinamata chubu n'kupopa. Ndinati ndiwakankhire mpaka kumsika, si patali. Anati ayi, ndili pa ntchito, asandichedwetse. Anandithokoza mwaulemu, anafunsa za ana, anagwira zigwiriro n'kulowa mumsewu. Kumbuyo kwanga dalaivala wa lole anali akuimba hutala, matayala awiri akundidikira.